Chigubu cha mpunga m'manja mwa mwana aliyense

Bokosi lija linabwera mwezi wa June, kukuzizira, ana atavala majuzi a akulu awo ofika m'maondo. Linali la pulasitiki, labuluu. Mkati munali matamborini anayi, tizitsulo tiwiri ta makona atatu, ting'oma tiwiri topepuka ngati mbale, ndi kachida kamodzi ka tizitsulo ta mitundumitundu koimba ndi kamtengo. Zonse pamodzi zinali zisanu ndi zinayi. Amene anabweretsa anali anthu a mtima wabwino. Tinawavinira, anajambula zithunzi, nkumapita. Koma tsiku limene kuli phala, ana pa sukulu yathu ya mkombaphala amapitirira 60.

Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, makamaka Sitandade 1 ndi 2. Nditapuma pantchito ndinabwerera kwathu ku Mtakataka, m'munsi mwa mapiri a Dedza, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Bwanje. Alezi a pa mkombaphala wa m'mudzi mwathu, amayi atatu ongodzipereka, anandipempha kuti ndiziwathandiza nyimbo Lachiwiri ndi Lachinayi, poti amandiona ndi chisekese m'kwaya ku tchalitchi. "Aphunzitsi, inu ndiye munazolowera ana," anatero. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Tsiku loyamba kutsegula bokosilo sindidzaliiwala. Ndinagawa zida zija kwa ana asanu ndi anayi, otsalawo nkuwauza kuti aziwomba m'manja podikira nthawi yawo. Mwana wa zaka zitatu ukamuuza kuti adikire, kwa iye ndiye kuti wamumana. Analimbirana, anakokana malaya, tamborini imodzi inathothoka kachitsulo, angapo analira. Kulirako sikunandipweteke kwambiri, mwana amalira nkutonthola. Chinandilasa mtima ndi kamtsikana kena kamene kanakhala kumbuyo, kosalimbirana nawo nkomwe. Kanangopinda manja nkumayang'ana, monga mmene timayang'anira galimoto za ukwati wa eni ake zikudutsa pamsewu. Pa zaka zinayi zokha, kanali katadziwa kale kuti zinthu zonyezimira zimakhala za ena.

A komiti anatenga bokosilo nkukalisunga kunyumba kwa apampando, poti chisakasa chathu chilibe chitseko. Sindiwadzudzula. Ankaopa kuti eni mphatso akadzabweranso adzapeza zida zitatha, ife nkuoneka osasamala. Ndiye linayamba kumatuluka pokhapokha kukabwera alendo.

Kuyambira sabata imeneyo ndinadziikira lamulo limodzi lokha: nthawi ya nyimbo, mwana aliyense akhale ndi kanthu m'manja, kake, nthawi imodzi ndi anzake onse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinapempha makolo kuti aliyense atumize botolo la pulasitiki laling'ono, lija la maheu kapena la madzi, lotsuka bwino, ndi chitsekerero chake.

Apa ndiye pamene ndinayamba kuphunzira ine mwini. Ndinkaganiza kuti chigubu chogwedeza ndi chigubu basi, koma ayi. Ukathira mchenga wouma chimangoti shii, ngati mvula ili patali. Mpunga umalira mofewa koma momveka, waa waa. Nyemba zimati gobede gobede. Njere za bwemba zimalira mouma kwambiri, timiyala ndiye timaboola m'khutu. Ndiponso ukadzaza kwambiri chigubu chimasiya kulira, pamafunika malo oti njere zithamange. Kadzanja kamodzi ka mwana nkokwanira. Tinakulunga mabotolo ena ndi nsanza kuti za mkati zisaoneke, awiriawiri okhala ndi zofanana, ndipo ana amayenda akugwedeza, kufunafuna mnzawo amene chigubu chake chikulira ngati chawo. Mukanaona nkhope zawo pamene akutchera khutu, kamwa ili yasa, maso ali m'mwamba. Mwana yemwe uja amene sakhazikika amatha kuima chilili kumvetsera ngati mlenje.

Ndinene za ngozi, chifukwa inandichitikira ndipo sindikufuna ichitikire wina. Mwezi woyamba womwewo kamnyamata kena kanatsegula botolo lake nkulowetsa nyemba m'mphuno. Tinathamanga nako kuchipatala pa njinga ya kabaza, amayi ake akulira, ine mtima uli m'mwamba. Anaichotsa bwinobwino, koma kulakwa kunali kwanga, poti ndinangomanga zitsekerero ndi manja. Chiyambire tsiku limenelo botolo lililonse timalimanga zolimba, nkukulunga pakamwa pake ndi malegeni mpaka munthu wamkulu amene alephere kutsegula popanda mpeni, ndipo mlezi amayang'ana mabotolo onse m'mawa asanagawe. Long'ambika limapita kudzala tsiku lomwelo. Nsatsi sitiika ngakhale zimalira bwino, chifukwa zili ndi poizoni. Chimodzimodzi tinjere tokongola tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda, timene ana amakonda kutola kutchire, nato ndi takupha. Chigubu chimene munali mankhwala a thonje, a mbewu kapena othira m'chimanga, ngakhale mutachitsuka kakhumi, chisayandikire mwana. Zitsekerero za chitsulo zophwanthira pa waya zimalira mokoma, koma zimachita dzimbiri ndipo zimacheka, ndiye zimenezo amagwira ndi mlezi yekha.

Pambuyo pa zigubu panabwera timitengo. Mmisiri wina wa m'mudzimo anatidulira nsungwi zouma, kutalika kwake ngati kuchokera pa chigongono cha mwana kufika pa chala, nkuzipala kuti zisabaye. Tiwiri pa mwana aliyense. Zina anazitema mizeremizere kukhala nkhwendo, zokhwekhwereza ndi kamtengo. Ndipo m'malo mwa kachitsulo ka makona atatu kaja tinapachika khasu lotha pa nthambi ya mango. Ukalimenya ndi msomali waukulu limati ngwee, nkumalirabe nthawi yaitali. Ndimauza ana kuti akweze dzanja, alitsitse pokhapokha kulirako kukatheratu. Manja amatsika limodzilimodzi, ndipo pamakhala bata limene simungaliyembekezere pa gulu la ana 60.

Bata limenelo ndi limene ndimafuna koposa zonse. Anthu odutsa pamsewu akamva phokoso amati ana akungosewera, ena amati aphunzitsi akuwasokosetsa. Koma kugwedeza chigubu mwana aliyense amadziwa, sachita kuphunzitsidwa. Chovuta ndi kusiya. Ndikakweza chisekese changa m'mwamba, onse aleke nthawi imodzi. Sabata zoyamba zinali zosatheka. Dzanja la mwana likayamba kuyenda limafuna kupitirira, ndipo kuti aliimitse pamafunika kuti aone, amve, akumbukire lamulo, nkudziletsa, zonse pa kamphindi kamodzi. Ndinaphunzitsa Sitandade 1 nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti mwana amene amavutika m'kalasi la ana oposa 100 nthawi zambiri si wopanda nzeru. Amakhala kuti sanaphunzirepo kutchera khutu, kudikira mnzake amalize, kuyamba ndi kusiya pamodzi ndi gulu. Zimenezi pa mkombaphala timaziphunzira tikuseka. Wina akapitiriza kugwedeza anzake atasiya, onse amaseka, iyenso amaseka, ulendo wotsatira amayesetsa.

Sindikakamiza wa zaka zitatu kuti ayendere limodzi ndi kugunda kwa nyimbo. Thupi lake silinafikepo, ndipo ukamukalipira amangodana nazo. Iye agwedeze mmene akufunira, bola adziwe kusiya. A zaka zinayi amayamba kugwira, makamaka akamaponda pansi uku akugwedeza. A zaka zisanu ndiye amatha kugawikana magulu awiri, ena kufunsa ndi timitengo, ena kuyankha ndi zigubu, monga mmene nyimbo zathu zimayendera, wina kutsogolera gulu nkuvomera. Zonsezi sizipitirira mphindi 20, ndipo timachita atamwa phala. Mwana wanjala alibe nyimbo. Timachitiranso panja pansi pa mango, chifukwa nyengo ya mvula titabwereka chipinda cha malata ndinaona ana ena atatseka makutu ndi manja, phokoso litawachulukira.

Masewera amene alezi anawakonda kwambiri ndi a mayina. Mwana amatchula dzina lake, gulu lonse nkulimenya ndi timitengo. Mpha-tso, kawiri. Chi-so-mo, katatu. Ta-ma-nda-ni, kanayi. Kenaka ndimamenya ine osatchula dzina, ndikufunsa kuti ndaitana ndani, ndipo onse a mayina a katatu amaimirira. Awa ndi maphatikizo omwe aja amene mwana adzakumana nawo pa bolodi akadzayamba Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akamadzaona zilembo, khutu lake lidzakhala litadziwa kale kuti mawu amaduka zidutswa. Chichewa chathu ndi chiyankhulo cha khutu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, timasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Khungu la pathupi ndi khungu la maso, chimodzimodzi. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa kulira kwa mpunga ndi kwa mchenga akunola chida chomwecho chimene amamvera nacho chiyankhulo cha amayi ake.

Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe atabwera pa holide, ndinamuonetsa bokosi lija, iye nkufufuza pa foni kumene zida zoterezi zinachokera. Tinawerenga limodzi usiku wonse za Carl Orff, wopeka nyimbo wa ku Germany, amene anabadwa mu 1895 nkumwalira mu 1982. Mu 1924 iye ndi mayi wina, Dorothee Günther, anatsegula sukulu ya kuvina ndi nyimbo ku Munich. Pambuyo pake anagwira ntchito ndi Gunild Keetman, amene anayamba ngati wophunzira pa sukulu yomweyo, ndipo mu 1948 wailesi ya ku Bavaria inayamba kuulutsa maphunziro awo a nyimbo za ana. Pakati pa 1950 ndi 1954 anatulutsa mabuku asanu amene anafalikira m'mayiko ambiri. Maganizo awo anali akuti mwana ayambe ndi mawu olankhula, kuwomba m'manja ndi kuponda pansi, kenaka zida zosavuta zomenya ndi zogwedeza, ndipo kuimba, kuvina ndi kulankhula zisalekanitsidwe. Ndikuwerenga ndinkangoona bwalo la kwathu usiku wa mwezi. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chakuti zida zawo za timatabwa tomenya anazipanga potengera, mwa zina, zida za ku Africa kuno ndi za ku Indonesia. Ndiye kuti nzeru ya zida zomenya ndi kamtengozi inayenda ulendo wautali, kuchoka kuno, kukasinthidwa kutsidya kwa nyanja, nkubwerera m'bokosi labuluu. Sindikunyoza ntchito ya Orff, ndi yabwino, ndipo ndatengamo zambiri. Koma zinandipatsa mphamvu yoyang'ana zimene tili nazo ndi maso ena.

Ngakhale dzina loti kindergarten ndi la ku Germany komweko. Analipereka Friedrich Fröbel mu 1840, ndipo limatanthauza munda wa ana. Ife pa nkhani za ana aang'ono timati mmera mpoyamba. Tonse tinaganiza za kumunda.

Nditafotokozera alezi za timatabwa tija, mmodzi anati apongozi ake, agogo ochokera cha ku Mangochi, ankaimba mangolongondo ali mnyamata. Tinawapempha. Anabwera ndi kasemasema wawo, anadula mathunthu awiri a nthochi nkuwagoneka pansi motalikirana pang'ono, nkuyala pamwamba zipika zisanu ndi chimodzi za mtengo wouma wopepuka, timitengo tozika pakati kuti zisasunthe. Anatiuza kuti kwawo ankaimba zimenezi kumunda polondera anyani. Kuwaona akuchuna kunali phunziro palokha. Amamenya chipika, kumvetsera, nkusema pang'ono pamimba pake kuti mawu atsike, kapena kudula kunsonga kuti akwere. Ana anawazungulira ali duu. Mangolongondo amaimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, ndiye ngakhale ana athu sangafike pa luso limenelo, amaphunzira kuti mnzako akamenya iwe udikire. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuli ulimba wa Asena, waukulu, wokhala ndi zikho pansi, wofuna katswiri weniweni. Athuwa ndi a pansi, a nthochi, oti akawola thunthu mumangodula lina.

Ng'oma ndi imene inabweretsa nkhani. Tinalibe ng'oma yeniyeni ya chikopa, tinangotenga zidebe zakale ziwiri nkuzivundikira, ndi zitini zazikulu zokutira ndi tchubu cha galimoto. Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina, nkhope ili gwa.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mwayamba kuwaimbitsa ng'oma anawa. Ine mwana wanga sindikufuna za kudambwe."

"Bambo, takulandirani. Khalani kaye pampandopa muone mmene timachitira, mukatero mundiuze maganizo anu."

Kuno ku Dedza funso limeneli si lachibwana. Gule Wamkulu ndi wamoyo m'midzi yathu, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Ali ndi eni ake, malamulo ake ndi ng'oma zake, mbalule ndi mpanje, zimene si zoseweretsa pa mkombaphala. Ine sindingayerekeze kuphunzitsa ana kamenyedwe ka kumeneko, chifukwa cha ulemu kwa eni mwambo komanso kwa makolo amene chikhulupiriro chawo sichilola. Ndinawafotokozera bambowo zimenezi. Ndinawakumbutsanso kuti pa Mua pompa, mishoni imene inayamba mu 1902, pamene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ng'oma ndi visekese zimalira m'tchalitchi potamanda Mulungu. Anamvetsera mwaulemu, anaonerera mpaka kumapeto, koma anati mpingo wawo ndi wina ndipo ng'oma salola. Sindinalimbane nawo. Mwana ndi wawo. Tinagwirizana kuti mwanayo azigwira timitengo ndi chigubu, ku chidebe asapiteko, ndipo mpaka lero amabwera tsiku lililonse. Ndikanaumirira kuti ndipambane mkangano, mwanayo akanamusiyitsa, nkutaya phala ndi nyimbo zomwe.

Anyamata nawonso anali ndi lamulo lawo. Ankathamangira zidebe nkumakankha atsikana, amvekere ng'oma ndi ya amuna. Sindikudziwa kuti mwana wa zaka zinayi amazitola kuti zoterezi, koma amazitola. Amene anathetsa nkhaniyi ndi agogo ena aakazi amene amatiphikira phala, namkungwi wodziwika m'dera lathu. Anamva ali pa moto, anapukuta manja pa chitenje, anakhala pansi, chidebe pakati pa miyendo. Zimene zinatuluka m'chidebe chimenecho zinaimitsa ndi amayi amene ankapita kumjigo. Atamaliza anati, "Kuchinamwali ng'oma amaimba ndani? Si ife amayi?" Anaitana kamtsikana kamene kanali pafupi nkukagwira manja, kukaonetsa pomenya pakati kuti mawu akhale aakulu ndi pomenya m'mphepete kuti akhale aang'ono. Chiyambire pamenepo zidebe timasinthana, mtsikana, mnyamata, mtsikana, mnyamata.

Pali chinthu chimene chimandiwawa ndikaganiza za alezi athu. Dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro cha ana aang'ono mu 2003, ndipo masukulu a mkombaphala a m'midzi alipo masauzande, koma ntchito yonse yagona pa amayi ongodzipereka amene amasiya minda yawo m'mawa. Amwayi analandirako maphunziro a masabata awiri, ena sanalandire nkomwe. Amayiwa nyimbo amazidziwa kuposa ine, amavina chimtali, amaimba pamaliro ndi paukwati. Chimene ankasowa ndi munthu wowauza kuti zimene akudziwazo ndi maphunziro, ndi kuwaonetsa timasewera tiwiri titatu tosandutsa nyimbo kukhala phunziro la kumvetsera. Amene muli ndi mtima wothandiza, musanagule bokosi, ganizirani zolipirira mlezi tsiku limodzi loti akakhale ndi mnzake wodziwa, kapena kugula malegeni, tepi ndi sopo wotsukira mabotolo. Mukagula zida, gulani zokwanira manja onse, kapena zikhale zoti zikathyoka mmisiri wa m'mudzi atha kukonza.

Bokosi lija tinakalitenga kwa apampando. Ndinauza a komiti kuti eni mphatso akadzafunsa, ndidzayankha ndine. Matamborini tsopano amakhala m'dengu limodzi ndi zigubu ndi nkhwendo, ndipo amagwidwa mosinthana ngati china chilichonse. Imodzi inathyokeratu. Kamtsikana kaja kopinda manja kanagwirako tamborini kangapo, ndipo chaka chino kali Sitandade 1.

Masewera a kusiya aja anationetsanso chinthu chimene sitinkachiyembekezera. Panali kamnyamata kamene alezi ankati nkosamva, kamwano, ukakaitana sikatembenuka. Ndikakweza chisekese m'mwamba kankasiya bwinobwino, msanga kuposa anzake. Koma tsiku limene ndinasintha lamulo, ndinaima kumbuyo kwawo nkunena kuti asiye akamva khasu lalira, iko kanapitiriza kugwedeza kokha, mpaka kataona kuti anzake asiya. Tinabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi. Nditakayang'ana pafupi ndinaona mafinya ouma m'khutu. Amayi ake anati khutulo lakhala likutuluka mafinya kuyambira kali kakhanda, ankangopukuta. Tinauza alangizi a zaumoyo, iwo nkuwatumiza kuchipatala, ndipo kanalandira mankhwala. Khutu limodzi linayamba kumva bwino, linalo limamvabe pang'ono. Alezi anasiya kukakalipira, amakakhazika kutsogolo, mbali ya khutu labwinolo.

Malo ake okonda ndi pa chidebe. Mnzake akamamenya, iko kamagoneka chikhatho pambali pa chidebecho kuti kamve kunjenjemera, kenaka nkuyankha ndi dzanja linalo, ndipo sikaphonya. Lachinayi lapitali kanatsogolera gulu lonse. Kanakweza dzanja m'mwamba, zigubu zonse zinati zii, ndipo kanatembenuka kundiyang'ana, dzanja likadali m'mwamba, kudikira kuti ndikauze kuti kayambitsenso.